Tambala ndi sipika ya m'buti

Pasiteji ya Bolero, dalaivala wa takisi anakhala pamthunzi, sipika yaikulu ili pamiyendo, kapu ya tiyi atayivundikira pakati pake. Mayi wina, tambala ali m'khwapa, anaima n'kumayang'anitsitsa.

"Adada, sipika nayo imamwa tiyi?"

"Ayi amama, kapuyi ikupsinja kachipewa katsopano kuti guluu agwire."

"Kachipewako ndi kamene kamaimba?"

"Sikaimba. Kamatseka bowo lapakatipa. Kakang'ambika, fumbi la msewu wa ku Thazima limalowa mkati, besi imayamba kukhosomola, mapeto ake sipika imapsa."

"Nanga kakaleko munakachotsa bwanji?"

"Ndi lezala, pang'onopang'ono, ngati mukumeta khanda. Dzanja likangoterereka mwadula timawaya, basi yatha. Ndiye Loweruka mlongo wanga Flossie akukwatiwa ku Mhuju, galimoto yotsogolera ndi yanga. Akwati angayende duu ngati tikuperekeza maliro?"

"Zingachititse manyazi chomene. Koma anakaboola ndani? Ana?"

"Tambala wa pasinjala. Ndinamuika m'buti. Kachipewa kakaleko kanali konyezimira ngati galasi. Atadziona, anayesa mnzake wabwera kudzamulanda misoti. Ine kutsogolo ndinkangomva gu! gu! gu! n'kumati koma lero besi yakoma."

"Ha! Katsopanoka nako n'konyezimira?"

"Kakuda bii. Ndinatengerapo phunziro."

"Yewo, adada. Ndiye kuti wangayu akhoza kukwera m'buti bwinobwino?"

"M'buti mukhoza kukweramo ndinu, amama. Ameneyo akhala kutsogolo ndi ine, ndizimuona."