Kabokosi Kogona Masana m'Dimba la a Elifala

Kwathu kuno ku Dzoole mukamva munthu akukalipa m'dimba mmawa, musavutike nkufunsa, ndi a Elifala amenewo, amene anakhalapo kapitawo pa esiteti ya fodya ndipo ukapitawowo sunawatuluke m'magazi mpaka lero. Tsiku lina ine ndikupalira anyezi kuseri kwa mpanda, ndinawamva atamupana mkamwini wawo Obed, mnyamata wamtali wophunzira zamagetsi, amene ukamufunsa funso amayankha lomwelo basi, osathirako ngakhale mchere.

Nkhani inali kabokosi kamene Obedyo anapanga, kothirira kokha mbande za tomato kuchokera m'thanki. Banja lonse linali kudikira lole yopita ku ukwati wa mdzukulu wawo ku Ntchisi masana omwewo, ndipo nazale yonse imatsala m'manja mwa kabokosiko.

"Akamwini, tabwerani kuno," anatero a Elifala, atavala kale jekete la ku ukwati. "Kanthu kanu aka kafa."

"Sikanafe, bambo. Kagona."

"Kagona? Nthawi ino?"

"Eya, bambo."

"Kadwala?"

"Ayi. Kamagona choncho tsiku lililonse."

"Asa! Ndipo mukunena maso ali gwa, osachita manyazi! Anthu ali m'minda, nkhuku zatuluka kalekale, wantchito wanu ali m'bulangete?"

"Kalibe bulangete, bambo."

A Elifala anapuma mpweya wautali. Ine ndinasiya kupalira, chifukwa zotere siziphonyedwa.

"Tandiuzani bwinobwino. Ntchito kamagwira nthawi yanji?"

"Kamadzuka, nkuyeza dothi ndi kachitsulo tinazika m'bedi kaja. Likakhala louma kamatsegula mpopi, nkugonanso."

"Madzi akutuluka?"

"Akutuluka."

"Iko kali mtulo?"

"Kali mtulo. Kenako kamadzuka, nkutseka, nkugonanso."

"Koma abale! Ku esiteti munthu wosiya madzi akutuluka nkukagona ndinkamulongedzetsa tsiku lomwelo! Nanga mukaphatikiza tsiku lonse, kamakhala maso nthawi yotalika bwanji?"

Obed anayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda.

"Simungamalize kumwa kapu ya tiyi."

"Tiyi wotentha kapena wozizira?"

"Wozizira, bambo."

"Mayo ine! Ndiye tomato wanga ndamusiyira chimenechi?"

"Nkofunika kuti kazigona, bambo. Kakakhala maso kamadya batire. Kakagona kamangonyambita. Batire lake ndi laling'ono, ndipo mukuona mitambo ya Julayeyi, yobisa dzuwa osagwetsa dontho. Kasola kali pamwamba apo sabata ino sikanakhute."

"Wantchito aliyense waulesi amanamizira njala. Zimenezo ndinazimva ndisanamere imvi. Chabwino, kakagona amakadzutsa ndani?"

"Muli kawotchi m'katimo. Iko sikagona."

A Elifala anawomba m'manja kamodzi, pha!

"Ehe! Ndiye muli awiri m'menemu! Wina wakhama, wina waulesi. Nkhani yaphweka. Tsegulani, mutulutse waulesiyo, musiye wakhamayo."

"Sizingatheke, bambo. Kawotchiko kamangodziwa kuwerenga nthawi basi. Dothi sikalidziwa, mpopi sikaudziwa."

"Ndiye wodziwa ntchito ndi waulesi, wakhama ndi mbuli?"

"Eya, bambo."

"Ndendende komiti yathu ya mjigo!"

Pamenepo ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa m'komiti imeneyo inenso ndilimo. Obed sanagwedezeke. Paja wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

"Ndipo tulo take si tamtundu umodzi," anapitiriza, ngati wina wamufunsa. "Pali kuwodzera, pamene kamazimitsa kanyali kokha koma mukakhudza kamadzambatuka. Pali tulo teniteni, pamene kamazimitsa zonse nkusiya kawotchi kokha. Ndiye pali tulo tofa nato."

"Timeneto ntotani?"

"Batire likatsala pang'ono kutha, kamadzitsekera kokha. Mudine, mufuule, muyimbe ng'oma, sikadzuka mpaka dzuwa liwale."

"Munachita kukaphunzitsa zimenezi?"

"Ndinalemba ndine pulogalamu yake."

"Sukulu yonse ija, mwana wanga Mirriam nkumanyadira kuti wakwatiwa ndi injiniya, inu mukuphunzitsa bokosi mitundu ya tulo?"

"Inali mbali yovuta kwambiri, bambo. Aphunzitsi anandiyamikira."

"Anali ogona nawonso!"

"Musade nkhawa. Panopa kali m'tulo teniteni. Taonani, ndidina batani kuseriku, kanyali kayaka."

Obed anazungulira mtengo umene kabokosi kanakhomedwapo, napisa dzanja kuseri. Anaima chilili. Kenako anawerama nkusuzumira.

"Bambo, mphira iyi wamanga ndani?"

"Ine."

"Nanga kamwala kali pabatanika?"

"Inenso. Mwaona luso limenelo?"

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Chifukwa nkachinyengo, kanthu kanuka! Ndikadutsa nkudina, kanyali ngwee, ngati kali pantchito. Ndikangotembenuka, thii, kazima. Ndinabisala kuseri kwa thanki nkukasuzumira, kazima! Ndinayerekeza kupita kunyumba nkubwerera chozemba, kazima! Khalidwe limeneli ndimalidziwa ine. Kapitawo akayang'ana khasu lili m'mwamba, akatembenuka munthu ali pansi pa mtengo. Ndiye ndinati iwe, wakumana nazo. Kamwala pabatani, mphira ndi!"

"Liti?"

"Tsiku lija munapita kuchigayo."

"Chiyambire tsiku limenelo sikanagone?"

"Ngakhale kuphethira! Usana ndi usiku kanyali kali ngwee. Ndinkagona mtima uli m'malo. Lero lokha ndi limene kayamba mwano."

Obed anamasula mphira ija pang'onopang'ono, kamwala nkugwa. Anadina batani. Zii. Anadinanso. Zii.

"Bambo, aka kali m'tulo tofa nato."

"Kadzutseni."

"Sikadzuka."

"Kauzeni kuti ndine."

"Sikakudziwani, bambo."

"Sikandidziwa? M'dimba langa? Ndipo musandiyang'ane choncho, akamwini. Munandiuza ndinu kuti batani ili ndi lodzutsira."

"Munafunsa kuti ndi lachiyani. Simunafunse ngati mulidine."

"Ndiye simukanawonjezera kuti bambo, musadine?"

"Sindikanatha kuletsa apongozi m'dimba lawo."

Apa ndinamva chisoni, ndisaname, chifukwa mbande zija zinali zitayamba kuweramitsa mitu, ndipo mbewu yake a Elifala anachita kuitsatira ku Lilongwe. Zikanauma, tomato wa chaka chino anali atapita. Iwonso anaziyang'ana, mawu nkutsika pang'ono.

"Chabwino. Kasiyeni kagone mpaka Yesu adzabwere. Tsegulani mpopi ndi manja, tithirire, tizipita."

"Ulibe chogwirira."

"Chinapita kuti?"

"Munati pasapezeke munthu wotsegula mpopi umenewu ndi manja. Ndinachichotsa."

"Ndimanena ana!"

"Munati munthu."

"Katengeni, mubwezeretse."

"Munatinso chisadzaonekenso pakhomo pano. Ndinapatsa ogula zitsulo aja."

A Elifala anavula chipewa, nachiyang'ana m'kati, nachivalanso.

"Chotsani batirelo, muthamangire nalo pa sitolo, akalitchaje."

"Silingachoke."

"Bwanji?"

"Munati wakuba asathe kulichotsa. Ndinaliwotcherera m'kabokosi kachitsulo, nkuthira simenti."

"Wakuba, akamwini! Wakuba! Inu ndinu wakuba?"

"Ayi, bambo. Koma simenti siisiyanitsa."

"Ndiye chilichonse ndinganene mumachita ndendende?"

"Amayi anandilangiza choncho pobwera kuno. Anati kuchikamwini usakawonjezere nzeru zako."

"Akanakuuzani kuti muzisiyako pang'ono zogwiritsa ntchito!"

Walira mvula walira matope. A Elifala anafuna mkamwini womvera, ndipo Mulungu anawapatsa wosefukira. Anayendayenda m'mbali mwa mabedi, manja kumbuyo, nsapato za ku ukwati zikutola dothi.

"Tsono titani? Lole ikubwera. Ine ndiye wolankhula m'malo mwa banja ku Ntchisi. Ndisiye ukwati chifukwa cha bokosi?"

"Ayi, bambo. Tingothirira ndi makheni kuchokera kuchitsime, mabedi onse anyowe bwinobwino. Dzuwa likawala kadzuka kokha, nkupitiriza ntchito ife tili ku ukwati."

"Ndiye bwanji osangokasiya, dzuwa liwale, kathirire kokha? Taonani uko, mitambo yayamba kung'ambika."

Obed anatembenukira kummawa. Zoonadi, pamwamba pa phiri panali pataoneka kabuluu. Nkhope yake inasintha koyamba chiyambire mmawa.

"Iii, bambo. Pamenepo ndiye pavuta."

"Pavutanso? Simumafuna dzuwa?"

"Ndimalifuna, koma tisanathirire ayi. Likangosuzumira pang'ono, kadzuka ndi kamphamvu kochepa, nkuyeza dothi. Kakapeza ponyowa kagonanso, nkumakhuta pang'onopang'ono mpaka mawa. Koma kakapeza pouma kalimbana ndi mpopi."

"Si ntchito yake imeneyo?"

"Mpopi umafuna mphamvu zambiri. Batire lafooka kale ndi masiku osagona aja. Kakakakamira, lifera pomwepo."

"Nkudzukanso liti?"

"Silidzukanso. Kumeneko ndiye kufa kwenikweni."

"Ndiye kanthu kaulesi aka kakadzuka kagwira ntchito mpaka kufa?"

"Eya, bambo. Sikadziwa kukana."

"Munakaphunzitsa mitundu yonse ya tulo, osakaphunzitsa kunena kuti ndatopa?"

"Ndimati ndidzawonjezere tikabwerako ku ukwati."

A Elifala anavula jekete lija mwachangu, naliponya pamwamba pa kasola kuti litchinge dzuwa. Mphepo ya mwera inalinyamula nkukaligwetsa m'ngalande. Analitola, nalikung'untha, nadumpha kuti alikoleke. Kasola kanali patali, ndipo a Elifala, tinene zoona, Mulungu anawapatsa mawu, msinkhu anawamana.

"Munakakhomeranji kumwamba chonchi?"

"Munati mbuzi zisafikire."

"Mbuzi yotalika chonchi munaiona kuti? Gwirani jeketeli! Inu ndiye wamtali. Imani apa, mutchinge dzuwa, musasunthe!"

"Nanga madzi akatunga ndani, bambo?"

"Musandifunse!"

Anthuni, zimene ndinaona tsiku limenelo sindinazionepo chibadwire. Mkamwini ali chilili ngati mtengo wa bendera, manja m'mwamba, jekete la apongozi likupepeluka, osagwira ntchito ina iliyonse. Apongozi apinda buluku la suti mpaka m'mawondo, makheni awiri m'manja, akuthamanga wefuwefu pakati pa chitsime ndi nazale. Amayi ena opita kumunda anaima pamsewu, nagwira pakamwa.

"Moni akamwini!" anafuula mmodzi. "Mwayamba liti kulemba apongozi ganyu?"

"Sindinawalembe, mayi," anayankha Obed. "Akugwira ulere."

"Osayankha!" anatero a Elifala akudutsa, madzi akukhavukira m'nsapato. "Manja m'mwamba! Dzuwa likulowera kumanzere uko!"

"Manja atopa, bambo."

"Atope! Kakadzuka bwanji? Kamachita phokoso?"

"Kanyali kaphethira, kenako kayeza dothi."

"Kayeza bedi lililonse?"

"Kachitsulo kali m'bedi limodzi, koma sindikukumbuka kuti ndi liti. Munandiuza kuti ndikakwirire pasaoneke."

"Ndiye kayendera ntchito yanga ine osadziwa poyambira?"

"Eya, bambo. Kakapeza kuti simunathirire mokwanira, kadziwa."

A Elifala anaima kaye, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu. Anayang'ana kabokosi kaja, kali duu pamtengo pake, kenako anayang'ana mabedi otsala. Patali lole inaliza hutala, ndipo dzuwa linayamba kutulukira m'mphepete mwa jekete. Ananyamula makheni nayamba kuyenda monyang'ama, podutsa pamtengopo nkuwerama pang'ono.

"Bambo!" anafuula Obed. "Bedi lakumapeto ilo mwalidumpha!"

A Elifala anatula kheni pansi mosamala, naika chala pamlomo.

"Shii! Pansipansi, akamwini," ananong'ona. "Mukufuna abwana adzuke andipeze ndisanamalize?"