Ngalande ya ku Kanyama inandichitira umboni

Chilolezo changa chokhala m'Zambia mpaka kalekale, chimene chinatsala pang'ono kufafanizidwa, andibwezera. Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka inu amene munkandifunsa kutchalitchi chimene chikundiondetsa, ine n'kumangoti ndi malungo. Sanali malungo. Lero ndikuuzeni zoona zake.

Ine ndine amake Daliso a ku Kanyama, kuno ku Lusaka. Ndinabadwira ku Mchinji, m'dziko la Malawi, ndipo ndinabwera ku Lusaka ndili mtsikana, nditakwatiwa ndi mwamuna wa ku Chipata. Ana anga onse anabadwira kuno, ndipo bambo awo anaikidwa kuno. Pasipoti yanga ndi ya Malawi, koma chilolezo chija chinkandilola kukhala ndi kugulitsa salaula wanga, zovala za kaunjika zija, popanda wondifunsa.

Amayi anga atafa ziwalo, ndinanyamuka kupita ku Mchinji ndi kachikwama kamodzi, ndikuganiza kuti mwezi ukatha ndibwerera. Ndinakhala mvula ziwiri, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Sindinkadziwa kuti munthu wa chilolezo chotere ayenera kudziwitsa ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko akafuna kukhalitsa kunja. Kwa ife a m'malire, Mchinji ndi Chipata ndi khonde limodzi. Ndani amatsanzika boma popita kukadwazika mayi ake?

Pobwerera, pachipata cha malire anandidindira masiku ochepa ngati mlendo, n'kundiuza kuti ndikaonekere ku ofesi ku Lusaka. Kumeneko bwana wina anandifotokozera mwaulemu kuti, malinga ndi lamulo, ndinkaoneka ngati munthu amene anasamuka. Anati ndikhoza kudandaula, koma ndibweretse mapepala a kuchipatala a amayi, ndiponso mboni yosakhala wachibale, yoti ilumbire kuti sindinataye khomo langa. Zikakanika, masiku aja akatha ndituluke.

Mapepala ndinali nawo. Mboni ndiyo inasowa. Mnzanga wina wa kumsika anati kuofesi kuja amafunsa mafunso ambiri, ndipo iye sakufuna kuutsa mavu. Wina anavomera, koma tsiku litafika foni yake inali yotseka. Sindikuwaimba mlandu, mantha ndi mantha. Koma ine chakudya chinaleka kutsika. Ndinkayang'ana kamdzukulu kanga kakusewera pakhomo, n'kumadzifunsa kuti ndikakhala ndi ndani kumudzi kumene amayi kulibenso. Pemphero langa linafupika mpaka linatsala mawu awa okha: "Ambuye, nditumizireni munthu."

Munthu amene anamutuma sindinkamuwerengera n'komwe. Kuseri kwa nyumba yanga kumakhala bana Mwape, mayi wachibemba wa ku Kasama, wogulitsa kapenta. Abemba ndi ife Angoni tili pa chimbuya, ubale uja wonyozana popanda wokwiya. Iwo amanditcha wodya mbewa, ine ndimawatcha wodya anyani. Koma pakati pathu panalinso mkangano weniweni. Inu a ku Kanyama mukudziwa kuti mvula isanagwe nyumba iliyonse imakumba chigawo chake cha ngalande, mufolo uja, ndipo mmodzi akachita ulesi madzi amalowa m'nyumba ya mnzake. Ngalande yathu ndi imodzi, ndipo chaka chilichonse tinkakangana kuti zinyalala zatseka mbali ya ndani.

M'mawa wina ndikusesa, misozi ikutsika, anasuzumira pampanda.

"Imwe bamake Daliso, mulila chani? Mbeba zasila mu Lusaka?"

Ndinawauza zonse. Sanandipepese. Anangoti, "Manje mwenze kusakila mboni ku maliketi, ine nili pano? Mailo tiyenda. Muvale bwino, musanichititse nsoni."

Mawa lake kuofesi anakhala pampando, chikwama pamiyendo, ngati abwera kudzatenga mphoto. Bwana uja atawafunsa ngati akudziwa kuti ine ndinali nditachoka m'dziko, anayankha mokweza mpaka a pamzere anatembenuka.

"Ba bwana, aba sibanachokepo mu Kanyama. Thupi chabe ndiye inayenda. Mvula ikangoyamba, foni yalila: bana Mwape, mufolo mwakumba? Bana Mwape, masaka ya mchenga pa chitseko panga mwaika? Bana Mwape, uzani Daliso akwele pa malata. Munthu amene anasamuka angavutitse anzake so pa nkhani ya mufolo? Nenze kupempha Mulungu ati foni yao igwele m'manzi!"

Zinali zoona. Mitambo ikachita bii ku Mchinji, mtima wanga unkathamangira ku Kanyama, ndipo ndinkawatumizira mawu pafoni, ena aukali ndithu. Bana Mwape anali asanawafufute, akuti ankasungira kudzandiyankha pamaso. Bwana anamvetsera angapo. Atafika pamene ndinkati wodya anyani sadziwa kugwira fosholo, anaseka n'kufunsa ngati ndife adani.

"Ni mbuya wanga uyu," anatero bana Mwape. "Mukamupitikisa, nizatukana ndani?"

Kuseka sikunathetse nkhani tsiku lomwelo. Bwana anawalembetsa umboni wawo, iwo n'kulumbira, ndipo anauphatikiza ndi mapepala a kuchipatala. Anandiwonjezera masiku podikira yankho la akuluakulu. Masabata amenewo anali aatali, koma ndinayambanso kudya. Sabata yatha anandiitana n'kundiuza kuti dandaulo langa lamveka ndipo chilolezo chikhalabe. Anandichenjezanso kuti ulendo wina ndidzayambe ndawadziwitsa. Chenjezo limenelo ndikulipereka kwa inu nonse amene muli ndi makolo kutsidya kwa malire: musananyamuke, pitani mukafunse, ngakhale mukuganiza kuti ndi ulendo wa mwezi umodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandilola kutseka maso a amayi anga, osanditayitsa khomo la ana anga. Ine ndinkayang'ana thandizo kwa anthu amene ndimaimba nawo nyimbo, Iye anali atalikonza kale kuseri kwa mpanda, m'kamwa mwa munthu amene ndinkakangana naye. Ngakhale mawu anga aukali anawasandutsa umboni. Inu amene mwatsekeredwa njira lero, musaleke kupemphera, ndipo musasankhire Mulungu munthu woti amutume.

Chiphaso chatsopano akuti ndikatenge mwezi wamawa. Mitambo yayamba kale kusonkhana, ndipo Loweruka lino tikukumba ngalande. Ndawauza bana Mwape kuti chaka chino mbali yawo ndikumba ndine. Ayankha kuti abwera ndi mpando kudzaonerera, chifukwa sanaonepo Mngoni akugwira ntchito.