Chikwangwani cha a Lui

Chaka chatha mphunzitsi wina wa zojambula anabwereka chikwangwani cha a Lui, ogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, pasitolo yawo ku Sham Shui Po, akuti kwa sabata imodzi. Dzulo pa siteji ndinamva a Lui akulimbana ndi mtsikana wonyamula kamera.

"Iwe, ukujambula ine?"

"Ayi agogo, zilembo za paminibasi. Ndikuphunzira zokonza zikwangwani ndi zithunzi za malonda."

"Mumayamba choncho. Mawa minibasiyo iyenda yopanda dzina."

"Sitiba ayi, timasunga mbiri. Kusukulu kwathu kuli chikwangwani chakale cha tofu, chofiira, zilembo zagolide. Aphunzitsi amati manja otere anatha."

"Chong'aluka pakona?"

"Eee! Munachionapo?"

"Pansi pake alembapo chiyani?"

"Akuti wolemba wake sadziwika, ndipo sitoloyo inatsekedwa kalekale."

"Inatsekedwa? Nanga soya ndanyika m'mawa uno ndi wa maliro a ndani? Anachilemba ndi bambo anga chimenecho, dzina ali nalo. Sudziwa kuti chikwangwani chikatsika anthu amati mwini wake watha? Makasitomala amangodutsa pakhomo. Wina anafika popepesa mkazi wanga, ine ndili kuseri ndikutsuka mapoto."

"Pepani agogo, ndikawauza aphunzitsi."

"Ndawauza kangati ine? Nthawi zonse ali pamsonkhano."

"Ndiye imani bwinobwino ndikujambuleni, tikaike nkhope yanu pambali pake."

"Ehe, si ndinanena! Chikwangwani munatenga, tsopano mukufuna ndi mutu womwe."

Minibasi yawo itafika onse awiri anakwera n'kukhala motalikirana. Chikwangwanicho chikadali kusukuluko, ndipo pamwamba pa khomo la a Lui patsala misomali yokha.