Bodza Limene Ndinawanamizira Alamu Anga a Sirkka

Malemu Mayi Sirkka Pöyhönen anabadwa pa 9 Febuluwale 1952 ku Viitasaari, m'banja la bambo Eino ndi mayi Hilja Ruuska, alimi a ng'ombe za mkaka. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Olavi, mlamu wawo, mkulu wake wa amuna awo.

Mu 1971 anapita ku yunivesite ku Helsinki kukaphunzira fizikisi, ndipo mu 1980 analandira digiri ya udokotala. Chaka chomwecho anakwatiwa ndi mng'ono wanga Tauno, nayamba ntchito m'gulu la kafukufuku limene ndinkatsogolera ine.

Pa ntchito yathu tinkawomba kachitsulo kopyapyala ndi tizidutswa ta maatomu tothamanga kwambiri. Phata la atomu likagundidwa chotero limazungulira ngati nguli, ndipo pamene liwiro likutha limatulutsa cheza chotchedwa gama. Makina ankajambula chezacho ngati mizere, mizereyo n'kumatiuza mmene phatalo laumbikira. Pa kuwerenga mizere, panalibe wofanana ndi malemu.

Mu Novembala 1987 tinaona mizere khumi ndi iwiri yotalikirana mofanana, chizindikiro choti phata latalika ngati dzira. Tinafalitsa nkhaniyo m'magazini a sayansi, dzina langa lili patsogolo, ndipo ndinakwezedwa kukhala pulofesa. Mu Epulo 1988 malemu analowa mu ofesi yanga, mapepala ali m'manja.

Anati, "Alamu, mizere ija si ya atomu yathu. M'kachitsulo kaja munalowa chitsulo china. Ndayeza katatu."

Ine ndinati, "Nanga akudziwa ndani? Ingokhalani chete. Mukufuna tonse tiziyenda chowerama?"

Iwo anati, "Mukapanda kulemba kalata inu, ndilemba ndine."

Analembadi, ndipo magazini aja analengeza kuti tinalakwitsa. Mgwirizano wawo wa ntchito utatha mu Disembala, ndinakana kuusainiranso. Ndinauza anzathu akuntchito, ngakhalenso mayi athu otibereka, kuti amene anadetsa kachitsuloko anali a Sirkka. Abusa ndi anamalira nonse, limenelo linali bodza. Kachitsuloko ndinakonza ndine, mothamanga, ndi manja mukuwaonawa.

Mayi athu anatisiya mu 1996 akukhulupirira bodzalo. Zaka zonsezo, pa chikondwerero cha pakati pa chilimwe, abale tinkasonkhana ku kanyumba kathu ka sauna, kosambiramo nthunzi yotentha, koma banja la Tauno silinkaitanidwa. Tauno anamwalira mu 2007 osandilankhula. Pa maliro ake, m'holo ya tchalitchi chino, amene ananditsanulira khofi anali a Sirkka, ndipo ndinamwa.

Kuyambira mu 1989 mpaka mu 2015 malemu anaphunzitsa fizikisi ndi masamu pa sekondale ku Äänekoski. Ana awo a sukulu ambiri mwadzaza mabenchi akumbuyoko. Munapeza mphunzitsi wabwino chifukwa ine ndinachotsa katswiri pamalo pake.

Mu Ogasiti 2023 anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Pa 2 Malichi chaka chino ndinapita kuchipatala kuti ndikapepese. Ndinakhala pampando ola lathunthu ndikukamba za nyengo.

Iwo anaseka nati, "A Olavi, mwayenda ulendo wonsewu kudzandiuza za chipale chofewa? Pazenerapo ndikuchiona."

Anandidikira kuti ndinene. Ine ndinavala chikhoti changa n'kutuluka. Anamwalira pa 11 Malichi 2024, ali ndi zaka 72.

Outi ndi Ilmari, ana anga, munandipatsa pepalali chifukwa ndine bambo wanu wamkulu, ndipo mumandilemekeza. Mayi anu sanakuuzeni kanthu. Zimene munandilembera kuti ndiwerenge ndazisintha osakupemphani. Lolemba ndinatumiza kalata ku yunivesite imene tinkagwira ntchito, yonena zonsezi. Mukafuna kuti ndisakhale nanu pa khofi, ndingotuluka, ndipo simulakwa.

Malemu asiya ana awiriwa, zidzukulu zitatu, ndi mchemwali wawo Mayi Raili. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza, a kwaya, ndi aneba amene ankawachotsera chipale chofewa pakhomo nyengo yonse yozizira.

Alamu, ndanena, koma ndachedwa. Mzimu wanu uuse mumtendere.