Buku Loyamba Tinalimaliza Kale

Olemekezeka Akhansala a dera lino la Malota, Ba Litia. Olemekezeka Abusa Choongo, amene mwatibwereka holo ino kwa chaka chachisanu ndi chimodzi. Olemekezeka apampando a komiti ya sukulu ya akuluakulu, Ba Sibeso. Mtsogoleri wa alendo athu pamodzi ndi ophunzira asanu ndi atatu a ku yunivesite amene mwachoka nawo ku Ulaya. Aphunzitsi, ophunzira athu, amayi ndi abambo, nonsenu ndikupatsani moni.

Ine ndine Clementina Njobvu. Ndinagwira ntchito yoyendera sukulu zaka makumi awiri ndisanapume, ndipo woyendera sukulu sadziwika ndi mawu okoma. Ndilankhula m'Chinyanja chifukwa amene ndikufuna kuti andimvetse bwino akhala pamabenchi akumbuyoko. Ba Chabota, inu amene mukumasulira alendowa, muwauze zonse monga ndikunenera, musathiremo shuga.

Alendo athu, tikukuthokozani. Anzanu patchuthi chino akupumula kwawo, inu mwasankha fumbi la Malota ndi mphepo ya Juni. Ena akafika m'tauni ino amathera kumathithi a Mosi-oa-Tunya n'kubwerera ndi zithunzi, inu mwabwera ndi choko ndi mabuku kudzaphunzitsa Chingerezi kwa masabata asanu ndi limodzi. Si chinthu chaching'ono, ndipo zimene ndinene kutsogoloku zisafafanize kuthokoza kumeneku.

Zaka zitatu zapitazo komiti inandipempha kuti ndidzaone mmene maphunziro ankayendera. Ndinakhala pakona apo, pafupi ndi zenera loswekalo, lomwe ndikuona kuti likadali losweka, Abusa. Mtsikana wina wochokera kunja, wamtima wabwino ndithu, ankaphunzitsa mitundu ya zinthu. Akakweza nsalu yofiira, kalasi yonse inkayankha pamodzi. Akakweza yobiriwira, chimodzimodzi. Pofika teni koloko anali atamaliza mitundu, masiku a sabata ndi ziwalo za thupi. Mtsikanayo anatuluka panja akupukuta misozi, n'kundiuza kuti chibadwire sanaonepo anthu ogwira zinthu msanga chonchi.

Ine ndinazungulira kuona makope, monga mwa ntchito yanga. Pabenchi ina panali mayi wina, Ba Mukatimui, amene ali pano lero ndipo andilola kuti ndinene izi. M'chikwama mwawo munali makope ena awiri a zaka zam'mbuyo. Ndinatsegula onse atatu. Tsamba loyamba, moni. Lachiwiri, mitundu. Lachitatu, masiku a sabata. Chosiyana chinali deti lokha.

Ndinati, "Amayi, izi munaphunzira kale kawiri. Bwanji osawauza?"

Iwo anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati, "Ba madamu, uyu ni mlendo. Wakwera ndeke, wasiya amayi ake kutali. Nimuuze bwanji kuti zamene wabweretsa nili nazo kale?"

Alendo, apa mumvetsetse. Kwathu kuno mlendo akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, ngakhale m'nyumba uli nazo zitatu zonga chomwecho. Ophunzira awa samakunamizani ayi, amakulemekezani. Ena mwa iwo, ndinazimva pambuyo pake, amalakwitsa dala kamodzikamodzi kuti mphunzitsi apeze chokonza, asaone ngati wabwera pachabe. Mukuseka kumbuyoko chifukwa mukudzidziwa. Inunso kumbali yanu mumafika ndi buku loyamba lomwe lija chaka ndi chaka, n'kuyamba pa tsamba loyamba, chifukwa amene anachoka chaka chatha sanasiye kalata yonena pamene analekezera. Paja amati mlendo ndi mame. Mamewo akakamuka, chaka chamawa kumagwa ena, koma pabenchi pamakhala anthu omwewo.

Ndisadziyeretse. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba n'kulemba lipoti lakuti maphunziro akuyenda bwino. Ine, woyendera sukulu! Ndinaopa kuti alendo akhumudwa, asabwerenso, komiti indinene kuti ndathamangitsa mwayi. Nanenso ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ndikuchita nazo manyazi mpaka lero.

Tsopano ndikuuzeni chimene ulemu umenewu wachita. Ba Mukatimui amachapa zofunda pa loji ina yogona alendo ya m'mbali mwa Zambezi. Achapa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pakhomo pawo pali ana anayi amene amadalira manja amenewo. Chaka chatha pa lojipo panapezeka malo a woperekera zakudya. Iwo anavala bwino n'kupita kukafunsidwa mafunso. Bwana anawafunsa m'Chingerezi kuti, "Mlendo akuti chakudya mwabweretsachi si chimene anaitanitsa, ndipo mwana wake sadya nsawa. Mumuyankha bwanji?" Ba Mukatimui funsolo analimva, yankho linali m'mutu m'Chilozi ndi m'Chinyanja, koma la Chingerezi panalibe. Mitundu yonse ankaidziwa, masiku a sabata ankawadziwa, koma palibe anawafunsa kuti tebulo ndi la mtundu wanji.

Chaka chino lojiyo yagula makina ochapira. Mwa ochapa asanu adzatsala awiri, ndipo Ba Mukatimui sali pa awiriwo. Chifukwa cha zaka zimene agwira, awapatsa mwayi umodzi wokafunsidwanso mafunso aja, pa 10 Ogasiti. Inu alendo mumaliza kuphunzitsa pa 7. Akapambana, adzavala yunifolomu ya m'chipinda chodyera. Akalephera, mwezi umenewo ukatha adzakhala pakhomo. Palibe mwayi wachitatu.

Sindikunena kuti masabata asanu ndi limodzi ndi okwanira. Ndaphunzitsa nthawi yaitali moti sindilonjeza zoterozo. Ndikunena kuti masabata amenewa akathera pa nsalu yofiira ndi yobiriwira, yankho la pa 10 Ogasiti tikulidziwa kale.

Choncho ndili ndi zopempha. Kwa inu alendo: musakhulupirire kalasi imene ikuyankha pamodzi. Khalani ndi munthu mmodzimmodzi, mumufunse kumene amagwira ntchito, amene amalankhula nawo, ndi mawu amene amamuthawa. Wogulitsa ziboliboli safuna zimene akufuna woyendetsa takisi pa msewu wa Mosi-oa-Tunya. Ndipo pochoka mulembe pamene aliyense wafika, musiyire Ba Sibeso, kuti obwera pambuyo panu asadzalirenso misozi yachisangalalo pa zinthu zakale.

Kwa inu ophunzira, mawu anga ndi olimba pang'ono. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ana awa sangalote zimene zili m'makope anu. Kuuza mphunzitsi kuti "izi ndikuzidziwa" si mwano, ndipo sadzakwera ndege kubwerera chifukwa cha zimenezo.

Ndikudziwa kuti mukugwedeza mitu, koma Lolemba mudzayambanso kuyankha pamodzi. Ndiye tiyambe lero, ine ndili pano. Aliyense amene buku loyamba analimaliza kale, kaya kamodzi kaya kasanu, akweze dzanja.

Ndikudikira. Sindikufulumira, ndinapuma ntchito.

Eya, limodzi. Awiri. Ba Jairos, dzanja lokanda khutu sindiliwerenga, kwezani bwino. Khumi. Kumbuyoko, musabisale kuseri kwa anzanu. Makumi awiri ndi atatu, mwa anthu makumi atatu. Alendo, tembenukani muone manja amenewa, ndipo musagwetse nkhope. Manyaziwa ndi athu, si anu.

Ba Mukatimui, dzanja lanu linakwera pomaliza, koma lakwera. Imirirani, amayi. Musayang'ane ine, muyang'ane mtsikana ali patsogoloyo, amene adzakhale mphunzitsi wanu. Mumuuze chimene mukufuna. Ba Chabota, khalani pansi, apa musamasulire. Anene okha m'Chingerezi, mmene angathere.

Kwezani mawu pang'ono. Palibe akukuthamangitsani. Yambaninso.

Mwamva? Mawu atatu athyoka panjira, koma uthenga wafika. Kwa amene simunamve kumbuyoko, akuti mitundu ayi, akufuna kudziwa mmene angapepesere mlendo wokwiya popanda kugwada, ndi mmene angamufunsire chimene sadya. Ndipo onani, mphunzitsi sanakomoke, akulemba. Amayi, m'zaka zisanu ndi chimodzi aka n'koyamba kuti mulankhule m'holo muno chinthu chimene simunachiloweze pamtima, ndipo mwachilankhula pamaso pa anthu ochuluka kuposa amene mukawapeze pa 10 Ogasiti. Khalani pansi.

Olemekezeka Akhansala, Abusa, apampando, alendo athu ndi inu nonse, ndi mphamvu imene komiti yandipatsa, ndikulengeza kuti maphunziro a Chingerezi a chaka chino muno m'Malota atsegulidwa. Phunziro loyamba mwalimva kale kwa mwini wake. Mwatsala ndi masabata asanu ndi limodzi kuti mumuyankhe.

Zikomo kwambiri.