Kamlamba ka Apongozi

Tsiku losamutsa apongozi ake, mkamwini anali atapakira zonse mu lole: bedi, mipando, ngakhale wailesi yomwe inasiya kulankhula kalekale. Pabalaza panangotsala tsache pakona ndi thanki yagalasi momwe munkakhala kamlamba kotchedwa Chindevu, mkuluyo ataima patsogolo pake ngati mlonda.

Mkazi wa mkamwiniyo anali atalamula m'mawa kuti bambo ake abwere kudzakhala nawo, koma thankiyo ayi, nyumba njaing'ono, aisiye kwa aneba. Kulamula n'kosavuta! Wokaonana nazo maso ndi maso anali mwamuna wake, munthu woti bodza silimutuluka m'kamwa ngakhale mutamupanikiza pakhoma.

"Bambo, lole yadzaza."

"Tsitsani bedi."

"Nanga muzikagona pati?"

"Pansi, pafupi ndi Chindevu. Akamwini, nsomba iyi imandidziwa. Kuisiya n'kuipha."

"Imakudziwani dzina kapena nkhope?"

"Zonse! Taonani."

Mkuluyo anagogoda galasi ndi chala, go go! Kamlamba kanatuluka kuseri kwa mwala kakugwedeza ndevu.

"Mwaona? Wabwera kudzandipatsa moni."

Mkamwini anadikira kuti kabwerere, kenako nayenso anagogoda. Kanabweranso, osachita n'komwe manyazi.

"Nanenso wandipatsa moni, bambo."

"Ulemu umenewo. Ndinamulera bwino."

Mkamwini sankafuna makani ayi, ankangofuna kumvetsa. Anatola tsache pakona n'kugogoda ndi mpini wake.

"Tsache nalonso walipatsa moni."

"Tsachelo ndi langa! Lili ndi fungo langa."

"Fungo limadutsa galasi?"

"Akamwini, mwabwera kudzandisamutsa kapena kudzandizenga mlandu?"

"Kudzakusamutsani."

"Silinali funso limenelo!"

"Pepani, linamveka ngati funso."

Mkuluyo anawerama, mphuno n'kugunda galasi.

"Muoneni mmene akundiyang'aniramo. Maso achikondi."

"Diso limodzi, bambo. Linalo likuyang'ana pomwe panali firiji."

"Iii, mwana wanga anakwatiwa ndi chiyani kodi?"

"Ndi ine."

Panja dalaivala analiza hutala. Mkamwini anapukuta thukuta. Kunena zoona, mkuluyo ankamumvera chisoni kwambiri. Chimwalirire apongozi aakazi, m'nyumbamu munalibenso wina wouzidwa kuti kwacha bwanji kupatula kansombako. Koma akabwera ndi thanki kunyumba, mkazi wake akamudya wamoyo.

"Chabwino," anatero mkuluyo, akutukula chala. "Umboni womaliza. Nthawi ija ndinali m'chipatala ndi maso angawa, wosamala nyumba munali inu. Eti?"

"Eya, ndinali ine."

"Mwana wanga anandiuza kuti Chindevu sankadya. Bodza?"

Apa mkamwini anaona kuti zafika pamwana wakana phala. Nkhani imeneyi anagwirizana ndi mkazi wake kuti asadzaitchule. Koma wamufunsa ndi munthu wamkulu, funso lake lolunjika, akanatani?

"Zoona, bambo. Sankadya."

"Mwamva! Chifukwa chiyani?"

"Anali atafa."

Mkuluyo anayang'ana mkamwini, anayang'ana thanki, anayang'ananso mkamwini.

"Atafa ndani? Akusambirayu?"

"Ayi, uyu ali bwinobwino. Woyamba uja."

"Woyamba!"

Anafuna kukhala pansi, koma mipando yonse inali mu lole. Anangogwira khoma. Mkamwini anayembekeza kuti akalipiridwa, koma nkhope ya mkuluyo inayamba kuwala pang'onopang'ono.

"Ndiye mukundivomereza. Anafa chifukwa chondisowa! Chikondi chake n'chimenecho."

"Ndikukayika, bambo. Munati ndikamachoka ndizizimitsa zonse."

"Mababu! Ndinkanena mababu!"

"Munati zonse. Ndinazimitsa mababu, firiji, ndi kamakina kaja kotulutsa thovu m'madzi."

"Kamene kamamupatsa mpweya?"

"Wogulitsa nsomba anandiuzanso choncho."

"Mayo ine! Mkamwini wanga yemwe!" Anapuma kaye. "Komabe wachiwiriyu wandizolowera msanga. Magazi athu anagwirizana."

Mkamwini anayang'ana kudenga. Kudengako kunalibe thandizo lililonse.

"Uyu si wachiwiri, bambo."

"Ati chiyani?"

"Ndi wachitatu. Wachiwiri analumpha n'kufera pansi. Tsiku lomwe munatuluka m'chipatala."

"Mwaona! Anamva mawu anga, ankathamangira kwa ine!"

"Inu munali pampando mbali iyi, maso omanga, mukuwodzera. Iye analumphira mbali ya kukhomo."

"Anasokera. Nsomba sidziwa njira za pamtunda."

"Mwina. Koma analumpha kwambiri ndithu."

Hutala inaliranso, motalika. Mkuluyo anavala magalasi ake atsopano n'kuyang'anitsitsa m'thankimo kwa nthawi. Kamlamba kanali kalikiliki kunyambita galasi, kopanda nawo ntchito.

"Ndiye n'chifukwa chake ndevu zafupika," anatero motsitsa. "Ine ndinkati wakalamba ngati mwini wake."

Mawu amenewa anamulasa mkamwini mumtima. Akanakonda akanatukwanidwa. Anaima chilili, tsache lili m'manja, kulakalaka nthaka itang'ambika.

"Ndiye uyu sakundidziwa?"

"Sindikuganiza, bambo."

"Ngakhale pang'ono?"

"Akudziwa chakudya."

"Ndipo ine m'mawa uliwonse ndakhala ndikuuza mlendo zinsinsi zanga."

"Sangaulule."

Mkuluyo anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso. Mkamwini anapumira m'mwamba. Zowawa, inde, koma nkhani yatha: nsomba yachilendo siingavute kuisiya kwa aneba. Anayamba kale kuganiza mmene akafotokozere kunyumba.

"Akamwini."

"Wawa."

"Kusitolo ya nsombako anapita ndani?"

"Ine."

"Anasankha ameneyu pakati pa anzake ndani?"

"Ine. Ndinkayang'ana wofanana."

"Anamunyamula m'kajumbo mpaka pano ndani? Mwana wanga?"

"Ayi, iye amanyansidwa nazo. Ndine ndemwe."

"Ine ndinakutumani?"

"Simunanditume."

"Ndiye nsomba imeneyi ndi ya yani?"

Mkamwini anatsegula pakamwa. Anafufuza yankho lina m'mutu monsemo, koma lolondola linali limodzi lokha.

"Ndi... yanga."

"Basitu." Mkuluyo anavala chipewa n'kulunjika kukhomo, akuyenda ngati mnyamata. "Ine ziweto za eni sindisiyira aneba. Nyamulani nsomba yanu mupite nayo kwanu, akamwini. Poti ndizikhala komweko, ndizikuthandizani kuidyetsa."