Kachipangizo Kanagona Pakhonde

Mkamwini anali ndi nkhawa imodzi. Mkazi wake ankafuna kudzakhala kwa makolo ake ndi khanda, koma chipinda chawo chinali chija apongozi, amisiri opuma pantchito, anamanga ndi miyala ya kwale n'kuwotcherera mawindo poopa akuba. N'chifukwa chake anasiyamo kachipangizo koyezera mpweya wa radoni.

"Zotsatira za kachipangizo kaja zabwera, bambo. Akuti mpweya uli bwino."

"Eyaa! Sindinanene ine?" Apongozi anamenya khoma ndi chikhatho. "Mwala ungatulutse mpweya? Uli ndi mimba?"

"Ulibe, koma umatulutsa. Radoni saoneka, sanunkha. Akaunjikana m'chipinda chotseka, pakapita zaka amayambitsa khansa ya m'mapapo."

"Chosaoneka, chosanunkha. Akamwini, kumeneko si kulota?"

"Ayi, ndinali maso." Mkamwini anasuzumira m'chipindamo. "Koma ndinakasiya kumutu kwa bedi. Kanakhala pomwepo?"

"Pakhonde."

"Pati?"

"Kanthu konyansa kaja m'chipinda chokongola chonchi? Ndinakapachika pamsomali apo, kazipitidwa mphepo."

"Ndiye kayeza pakhonde, bambo."

"Khondelo anamanga ndani?"

"Inuyo."

"Miyala yake?"

"Yomweyo."

"Basitu! Nyumba yakhoza mayeso."

"Lakhoza ndi khonde. Chipinda sichinalembe n'komwe. Titsegule mawindo, timate ming'alu ya pansi, tiyezenso."

"Iii! Kuti akuba alowe?"

"Kuti radoni atuluke."

"Atulukire pomwe analowera!"

"Analowera m'khoma lanu, bambo."

Apongozi anapinda manja. "Munabweretsa nokha kachipangizoko. Chimene kanena, chomwecho. Mlandu watha."

Mkamwini anaganiza pang'ono, naona kuti akuluwo akunena zoona. Anatuluka, anasuntha ndowa ndi tsache, nayamba kuyeza pansi pa msomali uja ndi mapazi.

"Mukutaninso?"

"Ndikuona ngati kabedi ka mwana kangakwane. Kachipangizo kavomereza pano pokha."

"Mdzukulu wanga agone panja ngati njinga?"

"Njinga tiilowetsa m'chipinda. Ilibe mapapo."

"Nanga odutsa pamsewu adzati chiyani? Kuti mmisiri wathunthu akugoneka khanda pakhonde?"

"Tidzawaonetsa zotsatira."

Apongozi analowa mosungira zida, nabwera ndi nyundo ndi tchizulo, n'kukaima pa windo lija anawotcherera okha.

"Gwirani apa, akamwini. Ana a masiku ano! Mumafuna kundigonekera khanda m'chipinda chosatsegula mawindo?"